Kabokosi ka “I waive my right” pa fomu ya yunivesite ku America: mukusiya chani kwenikweni?

Pa Common App, webusaiti imene anthu amafunsirapo malo ku mayunivesite oposa 1,000, ambiri mwa iwo a ku America, pali tsamba lina limene limaimitsa munthu olo akhale kuti anakhoza Chizungu bwino pa MSCE. Wadzaza dzina, adilesi, magiredi, walemba nkhani ya moyo wako mpaka maso kufiira, nde ukuti uyitane aphunzitsi akulembere makalata okuchitira umboni, basi kompyuta ikukana kupita kutsogolo mpaka usankhe chimodzi pa ziganizo ziwiri. China chikuti “I waive my right to review all recommendations and supporting documents”, chinacho chikuti “I DO NOT waive my right”, NOT wake wa zilembo zikuluzikulu. Ndiye kuti akufunsa ngati ukuvomera kusiya ufulu wako wodzawerenga makalata amene aphunzitsi alembe za iwe, kapena ukuusunga ufuluwo.

Ambiri apa amachita mantha, ndipo mantha ake ndi omveka, chifukwa tonse tinauzidwa kuti osasaina zinthu zimene sukuzimvetsa. Ena amachonga “DO NOT” poganiza kuti munthu wanzeru sataya ufulu, ena amangochonga choyambacho chifukwa mnzawo wa pa WhatsApp wawauza choncho. Ine ndikuti chongani choyambacho, siyani ufuluwo, koma muusiye mukudziwa kukula kwake, chifukwa mawu omwewa mudzakumana nawo pa mafomu ena kumene mtengo wake ndi waukulu kwambiri ndipo chizolowezi chongodina chidzakupwetekani.

Ufulu umenewu unachokera mu lamulo la dziko la America lotchedwa Family Educational Rights and Privacy Act, mwachidule FERPA, limene Pulezidenti Gerald Ford anasaina mu Ogasiti 1974. Ena amalitchula Buckley Amendment potengera senator James Buckley wa ku New York amene analibweretsa. Lisanabwere lamuloli sukulu zinkasunga mafayilo a ana okhala ndi ndemanga zilizonse, zoona ndi zabodza zomwe, nkumawaonetsa anthu akunja pamene mwini wake ndi makolo ake sakuloledwa kuwaona. FERPA inati ayi, makolo ali ndi ufulu woona zolembedwa za mwana wawo, kupempha kuti zolakwika zikonzedwe, komanso kuletsa kuti zisaperekedwe kwa anthu ena popanda chilolezo. Mwanayo akakwanitsa zaka 18 kapena akalowa koleji, ufulu wonsewo umachoka kwa makolo nkupita kwa iye mwini. Sukulu ikalandira pempho loona fayilo imayenera kuyankha pasanathe masiku 45.

Vuto linabuka pompo. Mayunivesite anadandaula kuti nanga makalata a umboni amene aphunzitsi analemba atalonjezedwa kuti ndi achinsinsi, zitha bwanji, ndipo mtsogolo muno ndani azilemba zoona akudziwa kuti mwanayo adzawerenga? Pofika kumapeto kwa Disembala 1974 Buckley ndi senator mnzake Claiborne Pell anali atakonzanso lamuloli. Makalata achinsinsi amene analowa mu fayilo isanafike 1 Januwale 1975 anakhalabe otsekedwa, ndipo kwa makalata atsopano anaika njira yoti wophunzira azitha kusaina yekha kuti sadzafuna kuwaona. Kabokosi kamene mukukaona pa foni panu lero kanabadwira pamenepo.

Tsono pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Ufulu wa FERPA ndi wa wophunzira amene walowa pa sukulupo, osati wa munthu amene wangofunsira malo. Mukafunsira ku mayunivesite khumi, asanu ndi atatu akukanani, awiri akutengani, inu nkupita kumodzi, ufulu woona fayilo muli nawo kumene mwapitako kokha basi. Kumene anakukanani mulibeko ufulu uliwonse pansi pa lamuloli, kaya munachonga “waive” kaya “DO NOT”. Ndiye taganizani, nthawi imene munthu amafunitsitsa kudziwa zimene aphunzitsi analemba ndi pamene wakanidwa, akudzifunsa kuti kodi a Physics aja sanandiwonongere? Koma nthawi imeneyo ndi imene lamulo silikumuthandiza. Limamuthandiza pamene watengedwa kale, wafika kale, wayamba kale makalasi, kalatayo itagwira kale ntchito yake ndipo inagwira bwino poti anamutenga.

Kuwonjezera apo lamulo silikakamiza yunivesite kusunga makalatawo. Chimene limaletsa ndi kuwononga zolembedwa pamene pali pempho loti munthu azione lomwe silinayankhidwe. Kupanda pempho lotero akhoza kuwafufuta ntchito yosankha ophunzira ikangotha, ndipo ena amachitadi zimenezo. Komanso ufuluwo ndi woona ndi kuwerenga, nthawi zambiri sakakamizidwa kukupatsani kope yoti mupite nayo kuchipinda. Nde mukhoza kuusunga ufulu wanu bwinobwino, mwafika mu Ogasiti, mwalemba pempho mu Okutobala, nkukuuzani kuti pepani makalata amenewo sitisunga.

Mbali inayo, mtengo wokana kusiya ufuluwo umalipidwa nthawi yomweyo. Mphunzitsi amene mwamupempha amaona zimene mwasankha, a ku yunivesite nawonso amaona. Kalata imene wolemba ankadziwa kuti mwini wake adzaiwerenga anthu owerenga amaikayikira pang'ono, amaganiza kuti mwina mawu okoma onsewa ndi ongopewa kukhumudwitsana. Alangizi ambiri a ophunzira ku America amalimbikitsa kusiya ufuluwu pa chifukwa chimenechi, ndipo Common App yeniyeniyo imachenjeza pa tsamba lomwelo kuti ena akhoza kukana kukulemberani kalata ngati simunausiye. Palibe lamulo lokakamiza mphunzitsi kulembera munthu rekomendeshoni, kalata ya umboni ija. Kwa mwana wochokera ku sekondale ya ku Mzimba kapena ku Nsanje imene a ku yunivesite sanaimvepo dzina lake, kalata ya aphunzitsi ndi ya ahedi ndi imene imawafotokozera kuti mapointi amenewa akutanthauza chani, kuti m'kalasi munali anthu angati, kuti labu inalipo kapena ayi. Kalata yotereyi simungafune kuti ichepe mphamvu chifukwa cha ufulu umene mwina simudzaugwiritsa ntchito nkomwe.

Koma musamve ngati mukasaina ndiye mwadzipereka yense. Malamulo otsatira FERPA, gawo limene maloya amalitchula 34 CFR 99.12, anaika malire omveka. Yunivesite siingakukakamizeni kusaina ngati njira yoti ikutengeni kapena kukupatsani thandizo lililonse, ikatero kusainako kulibe mphamvu, ndichifukwa chake fomu imakupatsani mabokosi awiri osati limodzi. Kusiyako kuyenera kukhala kolembedwa ndipo asaine ndi wophunzira mwini wake, olo akhale wa zaka 17, osati bambo ake kapena amalume amene akumulipirira fizi. Makalata amene angatsekedwe chonchi ndi a zinthu zitatu zokha: kufunsira malo a sukulu, kufunsira ntchito, ndi kulandira mphoto kapena ulemu wina wake. Mukafunsa, yunivesite ikuyenera kukuuzani mayina a anthu onse amene analemba makalata, ndipo makalatawo agwire ntchito yokhayo imene analembedwera, asakawatulutsenso pa nkhani ina. Muthanso kubweza kusiyako polemba kalata, kungoti kubwezako kumagwira pa zimene zichitike kutsogolo, sikutsegula makalata amene analembedwa kale pamene lonjezo lanu linalipo. Izi nzomveka, mphunzitsi analemba akudalira mawu anu.

Pa Common App pokha samalani ndi chinthu chimodzi: zimene mwasankha zimapita ku mayunivesite onse amene mukufunsira, ndipo kalata imodzi kapena apulikeshoni imodzi ikangotumizidwa simungasinthenso. Komanso tsamba lomwelo lili ndi chinthu china chimene anthu amachisakaniza ndi kabokosi kathu aka, chilolezo choti sukulu zimene munaphunzirako zitumize magiredi ndi zolembedwa zanu ku mayunivesite. Chimenecho ndi chilolezo chotulutsa, popanda icho apulikeshoni siyenda. Kabokosi ka “waive” ndi nkhani ina, ndi ya maso anu inuyo.

Ndipo zimene mwasiyazo ndi makalata ndi zikalata zoperekeza basi, osati fayilo yanu yonse kwa moyo wanu wonse. Mu Januwale 2015 kanyuzipepala ka pa imelo ka ophunzira a ku Stanford kotchedwa Fountain Hopper kanafalitsa njira yopemphera fayilo yako pogwiritsa ntchito FERPA, ophunzira ambiri anapemphadi ndipo anaona ndemanga zimene ogwira ntchito yosankha ophunzira analemba za iwo. Makalata a aphunzitsi anakhalabe otsekedwa kwa amene anasaina, koma ndemanga za mu ofesi zinatuluka poti kusainako sikunazikhudze. Zitatero mayunivesite ena anayamba kumafufuta ndemanga zotere msanga. Magiredi anu a ku yunivesite, zolembedwa za chilango ngati zilipo, ufulu wokana kuti anthu ena asapatsidwe zotsatira zanu popanda chilolezo (kupatula pamene lamulo lenilenilo limalola), zonsezi zimakhala m'manja mwanu ngati kale.

China, kusiya ufulu sikutanthauza kuti mwaletsedwa kuona kalatayo. Mwangosiya mphamvu yokakamiza yunivesite kuti ikuonetseni. Aphunzitsi akafuna okha kukuonetsani zimene alemba palibe mlandu, kalata ndi yawo. Kwathu kuno FERPA siigwiranso ntchito pa sukulu zathu nkomwe, imagwira pa sukulu zimene zimalandira ndalama kuchokera ku Department of Education, unduna wa zamaphunziro wa America. Chimene chimavuta kwathu ndi china, chizolowezi chija choti aphunzitsi atanganidwa nde akuti “lemba wekha ndidzangosaina”. Apa mpamene pali ngozi yeniyeni, yoposa ya kabokosi. Kalata yolemba wekha imamveka mawu ako, ofanana ndi a mu nkhani yako ija, ndipo anthu amene amawerenga mafayilo mazanamazana pa chaka zoterezi amazinunkhiza. Bola kuwapatsa aphunzitsi pepala lowakumbutsa zimene munachita, kalabu imene munatsogolera, tsiku limene munathandiza anzanu masamu iwo atadwala, iwo nkulemba ndi mawu awo.

Nanga ngati mukuopa kuti wina akulemberani zoipa? Chitetezo chanu sichili pa kabokosi, chili pa kusankha munthu. Mfunseni maso ndi maso kuti “Aphunzitsi, kodi mungathe kundilembera kalata yamphamvu?” ndipo mumvetsere mmene ayankhire. Akayamba kuti aaa tiona, nthawi yachepa, mwina ufunse a uje, amenewo akukanirani mwaulemu, athokozeni mupite kwa ena. Amene wanena kuti bwera nazo mawa, ameneyo ndiye wanu.

Pena munthu angafunse kuti yunivesite ikaphwanya malamulowa ndingaisumire? Apa ayi. Mu 2002, pa mlandu wa Gonzaga University v. Doe, Supreme Court ya America, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, inagamula kuti FERPA sipereka kwa munthu payekha ufulu woti akasumire nawo kukhoti nkulandira chipukuta misozi. Njira imene ilipo ndi kudandaula ku Department of Education pasanathe masiku 180, ndipo chilango chachikulu chimene lamulo limatchula ndi kuilanda sukuluyo ndalama za boma. Ndiye ufulu umene tikukambawu ngakhale uli m'manja mwanu si wa mano akuthwa.

Tsopano tiyeni tione mawu omwewa ali pa fomu ina. Mu 1995 bambo wina dzina lake Saint Clair Adams anafunsira ntchito pa sitolo ya zamagetsi ya Circuit City ku Santa Rosa, California. Pa fomu yofunsira ntchitoyo panali ndime yoti mkangano uliwonse wokhudza kufunsira kwake, ntchito yake kapena kuchotsedwa kwake udzathetsedwa kudzera mu arbitration yokha, kutanthauza kuti mlandu ukaweruzidwa ndi munthu wapadera kunja kwa khoti ndipo chigamulo chake nchomaliza. Anasaina, anamulemba ntchito. Patapita zaka ziwiri anakasuma kukhoti kuti akusalidwa pa ntchito, kampani inangotulutsa fomu ija. Nkhani inakafika ku Supreme Court, ndipo mu 2001 majaji 5 mwa 9 anati lamulo la Federal Arbitration Act la 1925, lolamula makhoti kulemekeza mapangano a arbitration, limagwira pa mapangano a ntchito pafupifupi onse kupatula a ogwira ntchito zamtengatenga. Adams iyeyo anadzapulumuka chaka chotsatira pamene khoti la apilo linapeza kuti panganolo linali lokondera kampani mopitirira muyeso pansi pa malamulo a California, koma mfundo yaikulu inatsala: ndime ya pa fomu yofunsira ntchito ikhoza kukutsekerani chitseko cha khoti. Mu 2018, pa mlandu wa Epic Systems v. Lewis, khoti lomwelo linavomerezanso ndime zoletsa antchito kusuma pamodzi ngati gulu, aliyense azipita yekhayekha. Mu 2022 ndi pamene kunabwera lamulo lochotsa milandu ya nkhanza zogonana ndi kuzunzidwa kotere pa ntchito mu arbitration yokakamiza, milandu ina yambiri ikadali momwemo.

Mwaona kusiyana kwake? Pa FERPA lamulo likuletsa kukukakamizani, apa nthawi zambiri mukakana kusaina ntchito palibe. Pa FERPA mukusiya kuwerenga mapepala awiri atatu, apa mukusiya jaji, jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu kukhoti), apilo yeniyeni, pa milandu imene sinachitike nkomwe ndipo simukudziwa kuti idzakula bwanji. Mwana wathu yemweyo amene wachonga kabokosi ka Common App chaka chino akhoza kukumana ndi ndime yotereyi akamadzafunsira ntchito ku America atamaliza digiri, nde akadzangoti “izi ndinazionapo kale, amati uzingovomera” walakwitsa.

Ina ndi ya abale athu amene ali ndi mapasipoti a Britain. Mapasipoti a Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa sali mu Visa Waiver Program, ndondomeko yolola nzika za mayiko ena kulowa ku America popanda viza, koma a Britain alimo, ndiye achibale a ku Manchester kapena ku Leeds amene anatenga unzika amangodzaza fomu yopempha chilolezo cha ulendo yotchedwa ESTA pa intaneti nkukwera ndege kukacheza ku America mpaka masiku 90 popanda viza. Chakumapeto kwa fomuyo kuli ndime imene munthu amavomera kuti sadzapempha kuti chigamulo cha ofisala wa pa chipata chiunikidwenso kapena kuchita apilo ngati wamukaniza kulowa, komanso kuti sadzatsutsa akamamuchotsa m'dzikomo, pokhapokha ngati akupempha asylum, chitetezo cha munthu wothawa kwawo. Kwa munthu amene wapita ku ukwati sabata ziwiri nkubwerera, ndimeyi sadzaimva nkomwe. Kwa amene wapitirira masiku 90 aja poganiza kuti adzakafotokoza mavuto ake pamaso pa jaji wa za olowa m'dziko, jajiyo sadzamuona, anasiya mwayi umenewo tsiku limene ankadina pa laputopu kunyumba. Ndipo apa palibe bokosi la “DO NOT”, ukakana ndiye kafunsire viza ku embase.

Makhoti a ku America ali ndi muyeso wakale wa nkhani zimenezi, wochokera pa mlandu wa Johnson v. Zerbst wa 1938, woti kusiya ufulu kumakhala kwenikweni ngati munthu wausiya mwadala ndipo akuudziwa ufuluwo. Koma muyeso wokhwimawo amaugwiritsa ntchito kwambiri pa milandu yaupandu, monga munthu kukana loya. Pa mafomu ndi mapangano wamba khoti nthawi zambiri limatenga kuti amene wasaina wawerenga, ndipo zoti “sindinamvetse Chizungu chake” kapena “zilembo zinali zing'onozing'ono” sizipita patali.

Ndiye mukakumana ndi ndime yotere pa fomu iliyonse, kaya ya sukulu, ya ntchito, ya ngongole kapena ya ulendo, muyambe mwapeza dzina la ufulu umene akuutchula, chifukwa ndime yolembedwa bwino imanena kuti ufulu wochita chakuti. Ikangoti “any and all rights” (maufulu onse) kapena “any and all claims” (madandaulo onse) osatchula malire, apo chepetsani liwiro. Kenako dzifunseni kuti ufuluwo ndikanaugwiritsa ntchito liti, pa tsiku labwino kapena pa tsiku la mavuto? Wa FERPA umagwira pa tsiku labwino, mutatengedwa kale. Wa khoti ndi wa ESTA umafunika pa tsiku loipa, mutachotsedwa ntchito kapena muli m'kachipinda ka pa eyapoti. Onaninso ngati pali njira yokanira, mapangano ena a arbitration amapereka masiku angapo, nthawi zambiri 30, oti munthu alembe kalata yodzichotsamo ntchito osataya, koma zimenezi zimalembedwa pansi penipeni ndipo palibe amene adzakukumbutseni. Mawu ngati “irrevocably”, “binding” ndi “final” akukuuzani kuti kubwerera kulibe. “Release” ndi “hold harmless” akukamba zoti simudzawaimba mlandu olo mutapwetekeka, pamene “indemnify” ndi woopsa kuposa onsewa poti akutanthauza kuti iwo akasumiridwa chifukwa cha inu, ndalama zake mulipira ndinu.

Jambulani tsambalo pa foni musanadine, chifukwa mafomu a pa intaneti amasintha ndipo tsiku la mkangano mudzafuna mawu enieni amene munavomera. Pa za sukulu, alangizi a EducationUSA, pulogalamu ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, amene amagwira ntchito ndi embase ya America ku Lilongwe amathandiza mafunso ngati amenewa osalipiritsa uphungu wawo. Pa ndime ya ntchito kapena ya ndalama zambiri, pemphani kope mupite nayo kunyumba, muonetse loya kapena a yuniyoni ngati ilipo, ndipo olemba ntchito akakana kukupatsani olo tsiku limodzi loti muwerenge, funsani chifukwa chake musanagwire cholembera.